Alamu anga anawotcha akalulu atatu pothamangira kukasaka agwape

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu kwa zaka zambiri, nthawi zina n'kumaseka mavuto a anzanga, osadziwa kuti tsiku lina nanenso ndidzaima pamzere womwewo. Lero ndafika. Ndikulemba nditapsa mtima, ndiye mawu ena akaluma mundikhululukire.

Ndine mayi wapabanja, ndipo ndimagwira ntchito pa labotale ina yoyesa mankhwala kuno kwathu. Si mankhwala akuchipatala ayi, koma awa otsukira m'zimbudzi, ochotsera dzimbiri, opopera m'minda ndi ena otero. Kampani ikapanga mankhwala atsopano imatitumizira kuti tione ngati angawotche khungu la munthu, ndipo ife timayesera pa akalulu oyera aja a maso ofiira. Timameta ubweya pamsana, kudonthezera mankhwala pang'ono pakansalu, kumata, kukulunga ndi bandeji, ndiye pakapita maola anayi n'kumasula. Kwa masiku angapo timayang'ana ngati pafiira kapena patupa. Ntchitoyi sindiyenda n'kuilengeza kutchalitchi, komanso sindichita nayo manyazi. Mchimwene wanga anasupuka manja onse awiri kufakitale ndi mankhwala amene pabotolo pake panalibe chenjezo lililonse, ndiye ndimadziwa chifukwa chake wina ayenera kuyesa zinthuzi zisanafike kwa anthu.

Gawo langa makamaka ndi kuzoloweretsa. Akalulu akangobwera kumene amakhala amantha kwambiri, ndipo ukawagwira molakwika amaphiriphitha mpaka kudzithyola msana. Choncho m'mawa uliwonse ndimawanyamula mmodzimmodzi, kuwaika pachifuwa, kuwasisita kuseri kwa makutu, kuwapatsa kachidutswa ka apozi, mpaka azolowere munthu. Mayina sitiwapatsa, ali ndi manambala m'makutu basi. Tsiku lomata likafika ndine ndimawagwira, chifukwa kwa ine amangoti phee.

Pali lamulo limene aliyense pantchito pathu amalidziwa kuyambira sabata yake yoyamba. Umayamba ndi kalulu mmodzi. Mankhwala akamuwotcha, yankho walipeza, enawo suwakhudza. Akapanda kupsa m'pamene umaonjezera awiri. Zimenezi zimatalikitsa ntchito ndi masiku angapo, koma n'zimene zakhala zikundilola kugona tulo.

Bwana wa chigawo chathu ndi alamu anga, a Wendell, akulu awo a amuna anga. Ndi amene anandipezera ntchitoyi fakitale yosoka mipando ya magalimoto imene ndinkagwirako ntchito itatsekedwa, ndipo apongozi anga salola kuti ndiiwale zimenezo. Alamuwo si munthu woipa pomuona. Ndi anthabwala, amaotcha nyama pa tsiku lobadwa la mwana aliyense wa m'banjamo, ndipo galimoto yanga ikafa panjira iwo ndiwo amayamba kufika.

Inu mukudziwa mmene amuna a kuno amapengera mwezi wa Novembala nyengo yosaka agwape ikayandikira. Mfuti zipukutidwa, majekete a olenji atuluka m'galaja, nkhani n'kukhala yomweyo m'mawa ndi madzulo. Alamu anga ndi amuna anga, a Royce, anali atapangana kale ndi anzawo zopita kukanyumba kawo ka kunkhalango kumpoto, ndipo tsiku lotsegulira nyengoyo saliphonya ngakhale kugwe chiyani. Sabata yomweyo kunabwera mankhwala ochotsera girisi pa injini za mathiraki. Woyenera kuona khungu la kalulu ndi kugamula ndi alamuwo, chifukwa mnzawo wina wovomerezeka anali patchuthi chobereka. Kuyamba ndi mmodzi kukanatanthauza kuti awiri enawo afunika kuonedwa iwo ali kutchire. Ndiye anandiuza kuti ndimete onse atatu.

Ndinati, "Alamu, si mmodzi kaye?"

Anaseka. "Mlamu, uyu ndi sopo chabe. Eni ake anena kuti ndi wofatsa. Mukufuna agwape andidikire mpaka Khirisimasi?"

M'mawa mwake nditatsegula botolo, fungo lake linandilowa mpaka m'maso ngakhale ndinali nditavala masiki. Ndinawauza kuti sopo sanunkha choncho. Anandiyankha kuti, "Gwirani kalulu, mayi. Zonunkhiza musiyireni galu." Ndinawagwira, mmodzi pambuyo pa mnzake, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anavuta.

Ola lisanathe onse atatu anali atayamba kukukuta mano ndi kumenyetsa miyendo pansi. Titamasula mabandeji khungu linali litayera ngati nyama yowiritsa, kenaka linayamba kuda. Mmodzi analira. Aphungu, kalulu salira wamba. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi ndinali ndisanamvepo, ndipo sindikufunira munthu aliyense kuti amve. Alamu anaitana dokotala wa ziweto, mayi Marchetti, amene abwera chaka chomwechino, ndipo anawabaya jakisoni wowapumitsa onse atatu. Dokotalayo atafunsa chifukwa chake anali atatu, alamu anati woyamba sanaonetse kanthu poyamba n'chifukwa chake anapitiriza ndi enawo. Ananena bodza limeneli ine ndili pompo, akundiyang'ana m'maso. Ine sindinawatsutse.

Titatuluka ndinawafunsa ngati analibe chisoni. Anati, "Nanga onsewa samafa pomaliza? Kusiyana kwake n'kotani?" Anakwera thiraki yawo n'kupita kukagula zipolopolo.

Chimene chandipangitsa kulemba ndi zimene zinachitika kwa apongozi anga pa chakudya cha tsiku lachithokozo, limene mabanja kuno amadyera pamodzi kumapeto kwa Novembala. Tonse tinalipo, nkhukundembo patebulo, masoseji a nyama ya gwape amene alamu anapha. Anayamba kufotokoza mmene anamuwombera molakwika, gwapeyo n'kuthawa atavulala, iwo n'kumulondola m'chipale chofewa tsiku lonse, miyendo itachita dzanzi, mpaka kumupeza ndi kumumaliza. Anati mlenje weniweni salola nyama kuvutika. Apongozi anagwedeza mutu monyadira mwana wawo. Amuna anga anawamenya paphewa moyamikira. Ine ndinaika foloko pansi n'kukakhala m'galimoto, chifukwa ndikanakhala pamenepo ndikanagubuduza tebulo.

Pobwerera kunyumba ndinawafotokozera a Royce zonse. Anakhala chete mtunda wautali, kenaka anati, "Achimwene anatitola tili pansi, iwe. Ukufuna uwachotsetse ntchito chifukwa cha akalulu atatu? Nanga amayi ukawauza chiyani?" Anati ndingoiwala, zinachitika kamodzi.

Koma si kamodzi. Kampani ija yatumizanso mankhwala anayi a mtundu womwewo, akuti asintha kasakanizidwe. Akalulu khumi ndi awiri afika kale, ndipo ndine ndikuwazoloweretsa. Alamu akufuna ntchito yonse ithe tisanatsekere Khirisimasi, ndipo andiuza kale kuti Lolemba la sabata yamawa ndikonzeke kumeta onse. M'mawa uliwonse ndikamawanyamula ndimamva ngati ndikuwanamiza.

Pantchito pathu pali komiti yoona za kasamalidwe ka nyama, ndipo nambala yawo ya foni inamatidwa pakhoma pafupi ndi pomwe timavulira majasi. Amati utha kudandaula osatchula dzina, koma m'chipinda muja pomata paja tinalimo awiri okha, ine ndi alamu, ndiye ndibisala bwanji? Mnzanga Lorna, amene timapemphera limodzi, akuti Lolembalo ndikajambule mobisa pafoni n'kutumiza kwa a mabungwe omenyera ufulu wa nyama, labotale yonse ione polekera. Ine mtima wanga ukundiuza kuti ndingosiya ntchito mwakachetechete, ndikagulitse m'sitolo, banja likhale pamtendere, ndisadzaonenso msana wa kalulu.

Ndisiye, Aphungu? Kapena ndiwaneneze alamu anga, ndidane ndi banja lonse la kuchimuna, mwina ndi amuna anga omwe? Mundiuze mosabisa, chifukwa masiku akutha.

D. H., Owosso

Mayi D. H.,

Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinachita kudzuka n'kukamwa madzi. Ndine mwana wa mlenje. Bambo anga nawonso tsiku lotsegulira sankaliphonya, koma akanamva kuti munthu wawotcha nyama zitatu zamoyo kuti asachedwe kutchire, sakanakwera naye galimoto imodzi. Mkwiyo wanu uli m'malo mwake, musaupepesere.

Tiyambe ndi kutchula zinthu ndi mayina ake. Alamu anu sanalakwitse mwangozi. Lamulo amalidziwa, inu munawakumbutsa, fungo linawachenjeza, iwo n'kusankha agwape. Atatero ananamiza dokotala amene ntchito yake ndi kuteteza nyamazo, ndipo pokuyang'anani m'maso ankakulowetsani m'bodza lawo osakupemphani n'komwe. Zoti onse amafa pomaliza zija ndi mawu a munthu amene wasowa chonena. Ifenso tonse timafa pomaliza, koma palibe amavomera kuti azimuthira madzi otentha podikira tsikulo. Yankho la kusiyana kumene ankakufunsani analinena okha patebulo, pakamwa podzaza soseji. Amadziwa bwino lomwe kuti nyama siyenera kuvutika pachabe. Amangosankha nyama zoti azimvera chisoni, ndipo amasankha zimene anthu angawaombere nazo m'manja.

Tsopano inu. Musasiye ntchito, osati mwezi uno. Ndikumvetsa chifukwa chake mukufuna kuthawa, koma taganizani za Lolembalo inu kulibe. Akalulu khumi ndi awiri aja adzametedwabe, adzamatidwabe onse nthawi imodzi, ndipo wowagwira adzakhala munthu amene sakuwadziwa komanso amene sangafunse funso. Kusiya kupumitsa mtima wanu, koma akaluluwo sikuwathandiza kalikonse. Ngati pambuyo pa zonsezi mudzaona kuti ntchitoyi yakukwanani, mudzasiye masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akudziwa chifukwa chake.

Ndikuuzaninso china chimene simungakonde. Pamene dokotala anafunsa inu n'kukhala chete, bodza lija linakhala la anthu awiri. Sindikukuweruzani. Munali mutangoona zoopsa, ndipo wonamayo anali bwana wanu komanso mlamu wanu. Koma dokotalayo mpaka lero akuganiza kuti lamulo linatsatidwa, ndipo akhala akuganiza choncho mpaka inu mutamuuza. Palibenso wina amene angamuuze.

Chitani izi. Lero lomwe, musanalankhule ndi aliyense, khalani pansi mulembe zonse zimene mukukumbukira: tsiku, nthawi imene munameta, nthawi imene munamata, mawu amene ananenedwa. Musakometse, musaonjezere, ndipo zanu zomwe, zoti munawagwira ndi zoti munakhala chete, muzilembe. Pepalalo likhale kunyumba.

Kenaka muwauze amuna anu zimene mukufuna kuchita. Muwauze, osati kuwapempha chilolezo. A Royce amawakonda achimwene awo ndipo ali ndi mantha ndi mayi awo, zimenezo si mlandu. Koma funso lawo analifunsa mozondoka. Amene akuika ntchito ya a Wendell pachiswe si inu, ndi a Wendell eni ake, ndipo akukonzekera kubwereza kanayi. Amuna anu ayenera kumva kwa inu nkhaniyi isanaphulike, kuti asadzaimvere pafoni mayi awo akulira. Akakwiya asiyeni akwiye. Mwamuna amene anakhala chete mtunda wautali asanayankhe ndiye kuti nkhaniyo inamulowa, ndipo ine sindinamutaye.

M'mawa mwake kaonaneni ndi alamu anu muofesi mwawo. Osati kwa apongozi, osati pafoni, osati pagalaja pali mowa. Muwauze mawu ochepa: Lolemba simumeta kalulu woposa mmodzi pa mankhwala aliwonse, ndipo Lolembalo lisanafike mukukauza dokotala zoona za atatu aja. Muwapatse tsiku limodzi lokha kuti akayambe okha kukanena. Umenewo ndiye ulemu wa pachilamu, ndipo ndi wokwanira. Munthu amene wakadziulula yekha nthawi zambiri amamuchenjeza ndi kumuphunzitsanso, pomwe wochita kugwidwa ndi amene amalongedza katundu. Adzaseka, adzakunyengererani, kenaka adzakukumbutsani za fakitale ija. Musatsutsane nawo. Nenani zanu, mutuluke.

Tsikulo likadutsa, kaya apita kaya sanapite, inu pitani kwa mayi Marchetti, kenaka ku komiti, ndi dzina lanu lomwe. Mwanena nokha kuti kubisala n'kosatheka, ndipo dandaulo lopanda mwini n'losavuta kuliika pansi pa mulu. Musakapite ndi misozi yokha, mukapite ndi zopempha. Muwapemphe kuti ntchito ya Lolemba iimitsidwe kaye. Mufunse chifukwa chake mankhwala anayiwo sangayambe kuyesedwa pa khungu lochita kumeretsa m'mbale, limene malabotale ambiri akugwiritsa ntchito masiku ano, poti mnzawo woyamba waonetsa kale kuti amawotcha. Mwina ena mwa iwo sangafunike n'komwe kukhudza kalulu. Mupemphenso kuti pakhale munthu wachiwiri wovomerezeka kuona khungu, chifukwa n'zamanyazi kuti moyo wa nyama uzidalira tsiku limene bambo mmodzi akufuna kukasaka. Musanapite muwerenge zimene malamulo a pantchito panu amanena pa zobwezera munthu wodandaula, ndipo mukaona akuyamba kukusinthirani maola kapena kukusakirani zifukwa, kaonaneni ndi loya wa nkhani za pantchito mwamsanga.

Za Lorna, mtima wake ndi wabwino koma nzeru yakeyo ayi. Kuti mujambule akalulu akupsa, ndiye kuti mwalola kaye kuti apse, ndipo mwawagwira nokha. Kanemayo akangotuluka nkhani idzasanduka ya mayi amene anaphwanya pangano la pantchito, inu adzakuchotsani tsiku lomwelo, alamu anu n'kusanduka ochitiridwa nkhanza. Yambani ndi anthu amene ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito ya Lolemba Lolembalo lisanafike. Komiti ikakhalira nkhaniyi, kuli oyendera a boma amene amaona za nyama za m'malabotale, ndipo kumeneko mudzapita mutayesa kale zonse za m'nyumba.

Apongozi anu musalimbane nawo. Akakukumbutsani za ntchito imene mwana wawo anakupezerani, muwavomere kuti n'zoona ndipo mumathokoza. A Wendell anakutsegulirani chitseko, koma amene wakhala akudzuka m'mawa kuli chisanu zaka zonsezi ndinu, ndipo pakamwa panu sanapagule. Zambiri za misana ya akalulu musawafotokozere mayi okalamba pokhapokha atafunsa okha.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo sindikupaka shuga. Mwina komiti idzangowachenjeza alamu anu, n'kubwerera pampando womwewo kudzakhalanso bwana wanu. Mwina Khirisimasi ya chaka chino mudzadyera kwanu awiriwiri, a Royce akuyang'ana m'mbale. Musayembekeze kuti wina adzakuthokozani. Akalulu amene sadzapsa sadzadziwa n'komwe kuti panali nkhani, pomwe alamu anu adzadziwa ndipo sadzaiwala msanga. Pitani mukuzidziwa zimenezo, kuti zikadzachitika musadzaganize kuti munalakwitsa. Koma mupite sabata ino, lumo lisanatuluke m'kabati.

Aphungu